Bwanji gemu yakale ya zilema imatikomera kuposa yatsopano yosalala?



Nkhani ya lero ena muiona ngati yachibwana chifukwa ndi ya ma gemu. Koma ndipirireni, pakuti ine yandizunguza mutu masiku angapo, ndipo kumene yakandifikitsa sindinkayembekezera.

Mwezi watha mnzathu wina ku hositelo anabwera ndi PlayStation 4 imene achimwene ake anamutumizira kuchokera ku Joni, m'kati muli FC 24. Abale, gemu ija ndi yokongola. Haaland akamathamanga tsitsi likugwedezeka, kapinga wa m'bwalo akuoneka ngati ungamugwire, ochemerera akuimba ngati nawe uli pomwepo. Tinaisewera mausiku awiri. Usiku wachitatu mnyamata wina anatsegula laputopu yake yakale ya batire lakufa n'kuyatsa PES 6. Pasanathe theka la ola chipinda chonse chinali chitatembenukira kwa iye. Mwini PS4 anatsala yekha, padi ili m'manja. Anatiyang'ana n'kunena kuti, "Koma inu mitu ikuyenda bwino? Mukusiya Haaland weniweni n'kumalimbirana anthu a nkhope za makona anayi?"

Tinaseka, koma palibe amene anamuyankha. Chonsecho funso lake linali lomveka. PES 6 inatuluka mu 2006 kuchokera ku kampani ya Konami ya ku Japan, ndipo zilema zake sizibisika. Analibe chilolezo chogwiritsa ntchito mayina a matimu ambiri a ku England, ndiye Liverpool ankaitcha Merseyside Red, Chelsea ankaitcha London FC. Adriano wa Inter Milan anamupatsa mphamvu yoombera mpira ya 99, moti akangoutembenuzira ku mwendo wamanzere, ngakhale ali kutali bwanji, goloboyi amangoperekeza ndi maso. Ukayamba Master League amakupatsa osewera amene sanabadwepo pa dziko lino: Castolo kutsogolo, Minanda pakati, Ivarov pagolo. Ndiye n'chiyani chimachititsa anthu akuluakulu a ndevu zawo kusiya chinthu chokonzedwa bwino n'kuthamangira chimenechi?

Yankho loyamba aliyense amalidziwa: tikungolakalaka ubwana wathu. Ndipo muli choonadi m'menemo. Ine PES 6 ndinaidziwira m'kashopu kena kuseri kwa msika kwathu, ka chinsalu pakhomo, TV ya chimsana, PlayStation 2 imene inkafunika kuipendeketsa kuti disiki iwerenge. Padi imodzi inali yomangidwa ndi tepi. Lamulo linali lakuti wopambana akhalebe, wogonja apatse mnzake. Lamulo lachiwiri tinapanga tokha: palibe wotenga Inter. Magetsi akazima uli patsogolo ndi zigoli ziwiri, mkangano wake unkatha sabata. Kenako liwiro la ku madrasa, mtima uli m'mwamba kuti tachedwa. Ndikamva kanyimbo koyambira gemu ija, zonsezi zimabwerera, mpaka fungo la chipisi cha pa chiwaya cha pakhomo paja.

Koma yankho limeneli silikwana. M'chipinda muja munali mnyamata wa chaka choyamba amene anali asanagwirepo PES 6 chibadwire, ndipo ndi iye amene anakana kupereka padi. Kunja kuno kuli achinyamata ambiri amene amathera maola pa Super Mario 64, gemu ya 1996, pamene iwo anabadwa itatuluka kale. Super Smash Bros. Melee inatuluka mu 2001, Nintendo yatulutsa zina zatsopano pambuyo pake, koma mpaka lero anthu amachitabe mipikisano ya yakale ija. Munthu sangalakalake ubwana umene sanaukhale. Ndiye kuti m'ma gemu amenewa muli kanthu kena.

Nditafufuza mbiri yake ndinapeza chinthu chimene chinandidabwitsa. Zina mwa zinthu zimene timazikonda kwambiri m'ma gemu zinayamba ngati zolakwika.

Mu 1978 Tomohiro Nishikado anapanga Space Invaders. Adani 55 amatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba pa sikirini, iwe ukuwaombera uli pansi. Makina a nthawi imeneyo anali ofooka, ndiye adani akakhala ambiri ankavutika kuwajambula onse, gemu n'kumayenda pang'onopang'ono. Ukawapha ambiri, katundu wa makina amapepuka, otsalawo n'kuyamba kuthamanga. Nishikado anaona zimenezi koma sanazikonze. Zotsatira zake, pamene ukuyandikira kupambana ndi pamene gemu imavuta kwambiri, ndipo mdani womaliza amathamanga ngati wapenga. Kufooka kwa makina ndi kumene kunabala kukoma kwa gemu yonse.

Street Fighter II ya 1991 nayo ili ndi nkhani yofanana. Opanga ake ku Capcom anafuna kuti kutulutsa nkhonya zapadera kusamavute kwambiri, ndiye anasiya kampata kakang'ono pa nthawi yodinira mabatani. Kampata kameneko kanachititsa kuti munthu athe kulumikiza nkhonya ina pa inzake mdani asanadzuke. Sizinali mu pulani, koma anazisiya. Osewera atazitulukira, kunabadwa chimene lero aliyense amachitcha combo, ndipo ma gemu omenyana amene anabwera pambuyo anachita kumangidwa pa chimenecho.

Mu Super Mario 64 muli masitepe opita kwa mdani womaliza amene satha kukwera ngati ulibe nyenyezi 70. Umangokwera, kukwera, osafika. Koma opanga anaiwala kuika malire pa liwiro la Mario akamadumpha chafutambuyo. Osewera anapeza kuti ukadumpha chafutambuyo mobwerezabwereza pa masitepe paja, liwiro limakula mpaka umabooleza. Lero pali anthu amene amamaliza gemu yonse m'mphindi zosakwana 20 pogwiritsa ntchito cholakwika chimenechi, ndipo amaphunzitsana, kupikisana, kusungirana mbiri.

Mwaona chimene chikuchitika apa? Pamene wopanga anasiya mpata, wosewera analowapo. Gemu imene yakonzedwa mbali zonse imakuuza kuti pita uku, dina apa, waona muvi uwo, tsatira. Umakhala ngati mlendo m'nyumba ya mabwana, mipando yonse ya pulasitiki pamwamba, ukuopa kukhudza kanthu. Gemu ya zilema ili ngati nyumba ya kwanu imene chitseko chake umachita kuchinyamula pang'ono kuti chitseguke. Mlendo amalimbana nacho, iwe umatsegula ndi dzanja limodzi uli pa foni. Kudziwa kumeneko ndi kumene kumakupanga mwini nyumba. Lamulo lathu lija loti palibe wotenga Inter silinachokere ku Japan. Linali lathu, ndipo gemu ija inasanduka yathu chifukwa cha ilo.

Pali chinanso, ndipo ichi ndi cha chifunga. Mu 1999 kunatuluka Silent Hill pa PlayStation yoyamba, nkhani ya bambo wofunafuna mwana wake wamkazi m'tauni yoopsa. Makina aja sankatha kujambula zinthu za patali, ndiye opanga anakuta tauni yonse ndi chifunga kuti abise kulephera kumeneko. Chifunga chija ndi chimene anthu amachikumbukira mpaka lero, chifukwa chimene sukuchiona chimaopsa kuposa chimene ukuchiona. GTA San Andreas ya 2004, imene ambiri a ife tinaisewerapo, nayo inali ndi kachifunga kobisa za patali. Ukakhala ku Los Santos, San Fierro ndi Las Venturas zinkaoneka ngati zili kutsidya kwa dziko. Mu November 2021 anaitulutsanso ataikonza kuti igwirizane ndi makina amakono, kachifunga kaja atakachotsa. Anthu atakwera pamwamba pa nyumba yaitali anaona mapu onse nthawi imodzi, ndipo dziko limene ankaliyesa lalikulu linaoneka ngati kadimba. Panali zolakwika zinanso zambiri, anthu anakwiya, a Rockstar anapepesa, n'kubwezeretsa ma gemu akale aja pa malonda a pa kompyuta. Chifunga nacho anadzachibwezamo.

Amene munamverapo mpira wa Bullets ndi Wanderers pa wailesi mukudziwa zimene ndikunena. Chigoli cha pa wailesi chimakhala chokongola kuposa chimene udzachione pa kanema mawa lake, chifukwa theka la chigolicho wachijambula ndi iwe m'mutu mwako. Castolo analibe nkhope yeniyeni, analibe mbiri, ndiye mbiri yake tinkamupangira ndife. Wina ankati ndi waulesi, wina ankati akangofika pa mpikisano waukulu amadzuka. Haaland wa mu FC 24 sasowa chilichonse kwa ine, wabwera wathunthu. Ndingamusirire, koma palibe chimene ndingawonjezerepo. Ndipo ndayamba kuganiza kuti mtima wa munthu umamatirira pa chinthu chimene waikapo kanthu kake.

Chachitatu ndi chakuti zilema zimasonkhanitsa anthu. Gemu yakale sinkakufotokozera zambiri, ndiye ukakanika unkafunsa mnzako. Ndani sakumbukira ma code a San Andreas olembedwa kumapeto kwa kope la masamu? Pa kompyuta ukalemba HESOYAM umapeza moyo, chovala choteteza ndi $250,000. Pepala lija linkayenda dera lonse, lothimbirira, lopindikapindika, ndipo mwini wake ankalemekezedwa ngati dokotala. Mishoni ija yothamangitsa sitima pa njinga yamoto uli ndi Big Smoke kumbuyo inatiliza tonse, mpaka wina anatiuza kuti usamayandikire kwambiri sitimayo, uzipita chapatali kuti zipolopolo zake zizifika pamwamba. Nzeru imeneyo inachokera kwa munthu amene tinakhala naye pa benchi imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tinkadekha tili gulu.

Chachinayi n'chowawa pang'ono. Tizidzifunsa kuti kusalala kumeneku akukonzera ndani. Disiki ya PES 6 ukaipeza, wapeza gemu yonse. Siifuna bandulo, siikukumbutsa kuti sunalowe dzulo, siikugulitsa kanthu. Ma gemu ambiri a lero ali ndi sitolo m'kati. Mu Ultimate Team, imene EA inayamba mu 2009, umatha kugula mapaketi a osewera ndi ndalama zenizeni osadziwa kuti mutuluka ndani. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi otere ndi juga, ndipo mu January 2019 EA inasiya kugulitsa FIFA Points m'dzikomo. Ife sitikusowa kuuzidwa ndi a ku Belgium kuti kulipira ndalama pa chinthu cha mwayi n'chiyani, tinaphunzira kalekale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti akale anali oyera mtima, ayi. Makina a m'ma arcade ankawapanga ovuta dala kuti uziponyamo makobidi. Koma makina aja unkawasiya pomwepo n'kupita kwanu. A lero umagona nawo pa pilo.

Tsopano ndidzitsutse ndekha, chifukwa mnzanga wa PS4 uja akawerenga izi anena kuti ndakondera. Kodi chilema chilichonse chimakondedwa? Ayi ndithu. Mu 1982 kampani ya Atari inatulutsa gemu ya E.T. imene inapangidwa mothamanga m'masabata pafupifupi asanu kuti ipezeke pa msika nyengo ya Khirisimasi. Anthu sanaikonde, yambiri sinagulidwe, ndipo mu 1983 makatiriji otsala, pamodzi ndi a ma gemu ena, anakawakwirira kudzala ku Alamogordo, New Mexico, kumene anakawafukula mu 2014. Ma gemu akale oipa analipo ambirimbiri, kungoti tinawaiwala. Timakumbukira ochepa amene anapulumuka, n'kumaganiza kuti kale zonse zinali bwino. Ndipo zilema si za akale okha. Cyberpunk 2077 inatuluka mu December 2020 ili ndi mavuto ochuluka moti Sony inaichotsa m'sitolo yake kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi n'kubweza ndalama kwa ogula. Konami yomweyo ya PES 6 inatulutsa eFootball 2022 mu September 2021, nkhope za osewera zili zopotoka, anthu n'kuiseka dziko lonse mpaka kampani inapepesa. Palibe amene anati, "Zilema zimenezi zikundipatsa mpata." Anthu anangomva kuti aberedwa.

Ndiye kusiyana kuli pati? Ine ndikuona kuti zilema zilipo za mitundu iwiri. Pali chilema cha munthu amene wapereka zonse zimene anali nazo n'kufika pa malire ake. Nishikado sanachite ulesi, makina ndi amene anathera pamenepo. Opanga PES 6 analibe dzina la Liverpool, koma mpira weniweniwo, kupatsirana kwake, kulemera kwa mpira ukachoka pa phazi, anaukonza ndi mtima wonse. Ndiye pali chilema cha munthu amene akudziwa kuti katundu wake sanathe, koma wamukulunga bwino n'kukulipiritsa mtengo wonse. Choyamba chija timachikhululukira, nthawi zina mpaka kuchikonda. Chachiwirichi ndi chinyengo, ndipo kusalala kwa kunja kumangowonjezera mkwiyo. Choncho sikuti timakonda chilema pachokha. Timakonda chinthu chimene pakati pake ndi pabwino ndipo sichinatibisire pamene chikuperewera.

Apa ndi pamene nkhani ija inanditembenukira.

M'kashopu kaja munali mnzanga wina amene anandiphunzitsa kugwira padi. Ndi iye amene ankandilipirira ndikakhala ndilibe kanthu, ndi iyenso amene anandiuza chinsinsi cha sitima ija. Sukulu anasiyira Fomu 2 bambo ake atamwalira, pano amakonza mafoni pa kabenchi kumsika. Amalankhula mokweza, amaseka mosabisa, Chingerezi chake ndi chothyokathyoka ndipo sachita nacho manyazi. Chaka chatha anabwera m'tauni muno kudzagula zipangizo, anandiimbira kuti tionane. Ndinali ndi anzanga a pa sukulu pano, aja olankhula bwino, ovala bwino. Ndinayang'ana foni ikuitana, ndinaganiza za mmene adzandichititsire manyazi akayamba nthabwala zake, ndipo ndinamulembera kuti ndili m'kalasi. Sindinali m'kalasi.

Usiku uja wa PES 6, ndili pakati poteteza London FC ndi Castolo kwa mwini PS4, ndinakumbukira uthenga umene uja. Ndinadzifunsa kuti, ine amene ndikutha kukhululukira gemu chifukwa chosowa dzina la Chelsea, ndinalephera bwanji kukhululukira munthu chifukwa chosowa Chingerezi? Chilema chake ndi cha mtundu woyamba uja. Anafika pamene moyo unamufikitsa, ndipo sanandibisirepo kanthu. Wachinyengo pa nkhaniyi ndinali ine, wosalala kunja, uthenga wabodza m'kati.

Ndipo taonani mmene tikukhalira, abale ndi alongo. Chithunzi chisanapite pa status timachijambula kakhumi, n'kuchipaka fyuluta. Amene walephera phunziro n'kulembanso mayeso amabisa ngakhale kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Tonse tikuyesetsa kukhala FC 24, kenako tikudabwa kuti anthu amatisirira koma palibe amene akutidziwa. Munthu amene saonetsa pamene akuperewera sasiya mpata woti mnzake alowepo. Ungamuthandize chiyani? Ungamuuze chinsinsi cha sitima iti? Ubwenzi umayamba tsiku limene wina wanena kuti, "Aise, apa pandikanika," winayo n'kusendera pa benchi.

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sananene kuti mwendowo ndi wautali, anavomereza kuti ndi waufupi. Chimene anakana n'chakuti mwendo ukhale muyeso wa chikondi. Komanso mwambiwu tisaupotoze. Sukutanthauza kuti wabodza azinamabe, wolusa azimenyabe anthu, ife n'kumati ndi mmene alili. Sukutanthauzanso kuti ine ndisiye kudzikonza poti anthu andikonde choncho. Nishikado anasiya cholakwika chimodzi chimene chinakometsa gemu, sanasiye zonse. Nzeru ili pa kusiyanitsa malire amene munthu sangawasunthe ndi zoipa zimene akungozisunga dala. Wopanda chilema ndi Allah yekha, ndipo amene akufuna mnzake wopanda chilema adzakhala yekha ndi padi m'manja, chipinda chonse chitatembenukira kwina.

Mnzanga uja ndinamuimbira. Ndinamuuza zoona, kuti tsiku lija sindinali m'kalasi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ankadziwa, chifukwa linali Loweruka. Sanaseke mmene amasekera, ndipo sindikudziwa ngati zatheratu. Koma anandiuza kuti PlayStation 2 ina anaigula yakufa n'kuidzutsa yekha, ili kunyumba kwake, ndipo ndikapita pa holide ndikamupeze. Wati atenga Inter, ndipo ine ndilibe pakamwa pokanira.

Inu gemu yanu yakale ndi iti, ndipo munkasewera ndi ndani? Ngati nambala yake mukadali nayo, muimbireni lero.